Gulu la Banja: Mankhwala a Diso la Azakhali

Amalume: Mwadzuka bwanji nonse? Zotsatira za Azakhali zatuluka. Dokotala wa maso akuti ndi toxoplasmosis, matenda oyamba ndi kachirombo, kumbuyo kwa diso lakumanzere, ndipo bala lili pafupi ndi macula, kachigawo ka diso kamene munthu amaonera zinthu bwinobwino. Mankhwala ayamba lero, ndi a masabata 6. Chikondi ndi Dalitso, inu mumazidziwa izi, tamasulirani zomwe zalembedwa pachikalatachi kuti tigawane ntchito.

Chikondi: Tadzuka bwino Amalume. Akumwa alipo anayi, ndipo sayambira limodzi. Pyrimethamine lero 75 mg, omwe ndi mapiritsi atatu a 25 mg, kuyambira mawa piritsi limodzi patsiku. Sulfadiazine 1 g kanayi patsiku, kutanthauza mapiritsi awiri a 500 mg maola 6 aliwonse. Folinic acid 15 mg katatu pa sabata. Prednisolone 40 mg, mapiritsi 8 a 5 mg, m'mawa atadya, koma ameneyu adikire maola 48. Ayamba Lachitatu, chonde pasakhale wowapatsa lero.

Mayi aakulu: Nanga poti prednisolone ndi amene amaphwetsa kutupa, kudikirako n'kwa chiyani mwanangu? Munthu akuona ngati utsi.

Dalitso: Mayi, prednisolone amagonetsa chitetezo cha thupi. Panopa chitetezocho ndi chomwe chatsekereza kachirombo kuti kasapitirire malire a bala. Mukachigonetsa mankhwala opha kachiromboko asanakwanire m'magazi, kamaswana mosaletseka, bala limakula n'kufika pa macula, pamene munthu amawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala, ikawonongeka simeranso, pamatsala chipsera. Ndiye opha kachirombo amatsogola, prednisolone amabwera pambuyo. Potsiriza ndiye amayamba kuchoka ndi prednisolone, pang'onopang'ono monga dokotala adzalembere, enawo akumwedwabe. Pasadzapezeke tsiku lomwe Azakhali amwa prednisolone yekha chifukwa sulfadiazine watha. Zikatero imbani foni kaye.

Limbani: Ine funso langa ndi la madontho awiri awapatsa aja. Sangakwane okha? Mapiritsi achuluka kwa munthu wamkulu.

Dalitso: Ayi achimwene. Dontho limathera kutsogolo kwa diso, kumbuyo limafika lochepa kwambiri. Prednisolone acetate 1% ndi wa kutupa kwa kutsogolo, botolo lake ligwedezedwe bwino musanadontheze chifukwa mankhwala amakhazikika pansi. Atropine 1% amatanula mwana wa diso kuti asamatirire pa lenzi, ndipo adzaona mbuu akayang'ana za pafupi, kuwala kudzawathobwa. Zimenezo asadandaule nazo. Pakati pa dontho limodzi ndi linzake padutse mphindi 5, apo ayi lachiwiri limatsuka loyamba.

Mlamu Tadala: Folinic acid akuvuta kupeza. Ine ndili ndi folic acid wambiri kunyumba, ndibweretse ameneyo?

Chikondi: Ayi mlamu, musabweretse, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pyrimethamine amatseka njira imene maselo amasinthira folic acid kukhala chinthu chogwiritsa ntchito. Amatseka mwa kachirombo, komanso pang'ono m'mafupa a munthu momwe magazi amapangidwa. Folinic acid ndi wosinthidwa kale, maselo a Azakhali amangomulandira, pomwe kachiromboko sikatha kumugwiritsa ntchito. Folic acid wamba sateteza mafupa mokwanira, ndipo angathe kufooketsa mankhwala. Mavitamini onse omwe ali m'chipinda mwawo muwerenge pabotolo, okhala ndi folic acid achoke. Folinic acid ndimusaka ine, afika mawa lisanathe. Adzamwabe kwa sabata imodzi atasiya pyrimethamine, chifukwa ameneyu amachedwa kuchoka m'thupi.

Amalume: Zamveka. Nanga kuyezetsa magazi kwalembedwa apaku?

Chikondi: Sabata iliyonse, osadumpha. Akuyang'ana maselo oyera ndi ma platelet, tizigawo toundanitsa magazi. Ma platelet a munthu wabwino amakhala 150,000 mpaka 450,000, akayamba kutsika dokotala amachepetsa kapena kuimitsa pyrimethamine. Kunyumba tizisuzumira nkhama ngati zikutuluka magazi, kamfuno, mikwingwirima pakhungu popanda kugunda chinthu, zilonda za pakhosi. Tsiku loyezetsa magazilo aziyezanso impso.

Dalitso: Pa impsopo ndionjezere. Sulfadiazine amauma kukhala timiyala mumkodzo madzi akachepa. Azimwa malita awiri kapena kuposa patsiku. Pakhale botolo la lita imodzi lodzazidwa m'mawa, lina masana, tizidziwa kuti amwa angati. Kupweteka m'chiuno cham'mbali, mkodzo wochepa kapena wofiira, ndi kuchipatala tsiku lomwelo.

Koma chimene ndikufuna aliyense wogona nawo achisunge pamtima ndi zidzolo. Mankhwala a sulfa, monga sulfadiazine, nthawi zina amayambitsa matenda otchedwa Stevens-Johnson, kawirikawiri m'masabata oyambirira. Amayamba ndi kutentha thupi, maso onse kufiira, zilonda mkamwa ndi pamilomo, kenako khungu kumatuza. Mukaona chimodzi mwa izi, sulfadiazine ndi pyrimethamine aime pomwepo, prednisolone musamudule nokha, nyamukani nawo usiku womwewo. Njira zina zilipo: clindamycin, azithromycin, ngakhale jakisoni wa m'diso wa clindamycin 1 mg ndi dexamethasone 0.4 mg. Palibe chifukwa chokakamira mankhwala amene thupi lawakana.

Mayi aakulu: Musaiwale kuti mlongo wangayu ali ndi shuga. Amamwa glibenclamide ndi metformin.

Chikondi: Zikomo Mayi, apa ndiye povuta penipeni. Mankhwala awiriwa akokera shuga mbali ziwiri. Sulfadiazine amaonjezera mphamvu ya glibenclamide, shuga n'kutsika: thukuta, kunjenjemera, kusokonezeka mutu. Prednisolone amamukweza, makamaka masana ndi madzulo, moti mukamayeza m'mawa mokha mudzaona ngati zonse zili bwino. Aziyezedwa asanadye m'mawa, madzulo, ndi pogona, manambala alembedwe m'kabuku. Akatsika pansi pa 4 mmol/L apatsidwe shuga wosungunula m'madzi msanga, ayezedwenso pakatha mphindi 15. Dokotala wawo wa shuga aone chikalatachi Lachitatu lisanafike, mwina asintha glibenclamide.

Limbani: Za dokotala wa shuga ndatenga ine, ndipita nawo mawa m'mawa. Magazi a sabata ndi sabata ndi inenso. Kodi matendawa n'ngopatsirana? Adzukulu amagona nawo.

Dalitso: Sapatsirana pogona limodzi, pogwirana kapena pa misozi. Ana asawachotse. Koma achimwene, mukapita mufunse ngati zotsatira za chindoko, HIV ndi TB zatuluka. Musaone ngati tikuwanyoza Azakhali, amayeza aliyense, chifukwa matenda amenewa amatha kuoneka chimodzimodzi pa retina ndipo mankhwala ake ndi ena. Zidziwike prednisolone asanayambe. Ulendo uliwonse wa kwa dokotala wa maso aziyeza mphamvu ya madzi a m'diso, yabwino ndi 10 mpaka 21 mmHg. Kutupa kumaikweza, madontho a prednisolone amaikwezanso, ndipo nthawi zambiri munthu samva kanthu.

Amalume: Akamaliza masabata 6 ndiye kuti achira?

Dalitso: Bala likhala lauma, utsi uja uchepa, koma pamene pali chipsera sadzaonerapo. Mankhwala amapha tizirombo toswana, tobisala m'timatumba m'mphepete mwa chipsera sitifa, ndiye matenda angathe kubwerera. Ku Brazil, kafukufuku wa Silveira ndi anzake wa 2002 anapeza kuti piritsi la co-trimoxazole, lomwenso ndi la sulfa, masiku atatu aliwonse linatsitsa kubwerera kuchoka pa 23.8% kufika pa 6.6%. Poti bala lawo layandikira macula, tidzafunse dokotala za zimenezi, ngati sulfa awayanja. Pakalipano m'mawa uliwonse azitseka diso lakumanja n'kuyang'ana mphuthu za chitseko. Mizere ikapindika, timadontho touluka tikachuluka mwadzidzidzi, kapena akaona ngati nsalu yatchinga mbali imodzi, tisadikire tsiku lolembedwa.

Mlamu Tadala: Sulfadiazine wa 12 koloko masana ndi 6 koloko madzulo ndiwapatsa ine, pamodzi ndi madontho.

Mayi aakulu: Wa 12 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa ndi wanga, ndikugona konko. Limbani unditchere alamu pafoni.

Amalume: Chabwino. Chikondi, lemba tchati cha masiku onse 42 uchiike pano madzulo, wopereka mankhwala azichonga pomwepo. Prednisolone ndimutenga ine, ndibwera naye Lachitatu m'mawa Limbani akatiuza zotsatira.