Tinsalu topukutira mwana tikununkha chuku, nditani?

Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili kuno ku Chitakale ndipo ndili ndi mwana wamkazi wa miyezi 4. Ma wipes a m'golosale ndinasiya kugula. Bambo ake amagwira ku esiteti, ndiye mukudziwa kuti nyengo yozizira ino tiyi sathyoledwa kwambiri, ndalama ikungokwana ya ufa ndi sopo. Ndinatenga matisheti awiri akale a thonje n'kudula tizidutswa 24, telala wapamsika n'kundisokera m'mphepete kuti tisamasosoke.

Zinkayenda bwinobwino mpaka chiperoni chitafika. Lero ndi tsiku lachitatu dzuwa osaoneka, phiri lonse lili mu nkhungu, tinsalu tangoti nyowe pachingwe cha pakhonde. Tayamba kafungo ka chuku ngakhale ndichape bwanji, ndipo mwana wayamba kufiira m'mphechepeche. Tina ndimanyowetseratu n'kutsekera m'kontena kuti usiku ndisavutike, kaya ndi pamenepo ndikulakwitsa? Apongozi akuti ndingomuwaza paudala, koma mtima wanga ukukana. Nanga Jik ndingathireko?

Mayi wa ku Bvumbwe: Achemwali, vuto ndi kontena yanuyo. Nsalu yonyowa mukaitsekera imachita chuku msanga. Sungani touma, usiku muziika madzi ofunda mufulasiki pafupi ndi bedi, muzinyowetsa kamodzikamodzi nthawi yopukuta. Tonunkhato wiritsani mumphika wapadera kwa mphindi 10, fungo lichoka.

Make mapasa, Luchenza: Ine chiperoni chinandiphunzitsa kusita. Finyani kwambiri, yanikani m'nyumba chapatali ndi mbaula, kenako pitsanipo simbi yamakala mpaka tiume gwa. Koma mbaula isagone m'chipinda chotseka muli mwana, utsi wa makala umapha mwakachetechete. Kusitako musakusiye ngakhale dzuwa libwerere, paja ntchentche zija zimaikira mazira pa zovala zonyowa, mwana n'kutuluka mphutsi pakhungu. 24 ndi tochepanso, onjezerani.

Agogo ena: Zachabwerera zathu zakale izi! Ife tinalera ana ndi matewera ansalu okhaokha. Mwanawe, chimbudzi cha mwanayo uziyamba wachitaya m'chimbudzi, madzi otsukirawo usakhuthulire pafupi ndi mjigo.

Mayi wina: Jik ngati mwathira, pang'ono chabe, ndipo mutsukuluze katatu, apo ayi ndi yemweyo amuwotche khungu. Paudala ayi, amaundana pomwe panyowapo komanso mwana amaupumira. Muumitseni bwino, mupake Vaseline, masana muzimusiyako kanthawi wopanda thewera. Poti ndi wamkazi, muzipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Pakatha masiku atatu osasintha, kapena pakatuluka tizilonda, kapena muone zoyera m'kamwa mwake, musadikire tsiku la sikelo, pitani naye kuchipatala.

Mwini funso: Zikomo nonse. Kontena ndakhuthula, tinsalu tili pamoto pano. Chatsala n'choti ndiwauze bwanji apongozi za paudalayo, poti anagula okha.