Za funso langa lija la ntchito ya mu lesitilanti

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati ndisiye ntchito yoperekera zakudya n'kupita kukaphunzira ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre, kapena ndizingophunzirira pantchito pomwepo. Zikomo nonse amene munandilangiza.

Nditakambirana ndi abwana, andikweza kukhala wothandizira manijala. Kumene kuli ntchito yeniyeni ndi kusitolo. M'mawa uliwonse ndimawerenga nkhuku zotsala mufiriji, kuona mafuta ophikira apita bwanji, kenako n'kuyerekeza ndi mbale zomwe tinagulitsa dzulo lake. Magetsi akathima, ndine woganiza ndiwo zoti ziphikidwe msanga zisanaonongeke. Chondivuta kwambiri n'kugawa mashifiti, poti amene ndikuwauza zochita ndi anzanga omwe tinkanyamula nawo mathireyi.

Sukulu sindinaitaye ayi. Ndikusunga ya fizi kuti chaka chamawa ndikayambe.