Mafilimu akale a makauboyi aja ndiwapeza kuti abale?

Abale ndithandizeni. Bambo anga akula tsopano, maso ayamba kuvuta, koma akangomva kulira kwa mfuti ndi mgugu wa akavalo pa TV amadzuka pamkeka pompo nkukokera mpando pafupi. Amakonda a makauboyi akalekale aja a black and white, omwe makampani ang'onoang'ono ngati Republic Pictures ndi Monogram ankapanga ku America m'ma 1930 ndi 1940 ndi ndalama zochepa zedi, filimu yake ola limodzi basi yatha, sheriff, mkulu wa apolisi uja, nyenyezi ili pachifuwa kuthamangitsana ndi akuba ng'ombe komanso achifwamba obera ngolo zapamsewu mpaka fumbi kobo. John Wayne adasewera ambiri otere asanatchuke ndi filimu ya Stagecoach mu 1939, ndiye amenewo ndi omwe madala akufunitsitsa.

Ndayesa kusaka pa intaneti koma omwe ndapeza zithunzi zake sizikuoneka bwino, mawu ngati akulankhulira m'chitini, bandulo nkumangotha. Alipo amene ali nawo ooneka bwino pa flashi kapena DVD? Ndili ku Zomba, ndibwera ndekha ndi flashi yanga, ngati pali kangachepe koti ndipereke ndipereka. Ndikufuna tikaonere limodzi Loweruka likubwerali.