Kavalo wanga wadwala m'mimba kawiri mwezi uno, ndikulakwitsa pati?

Wofunsa: Ndikupereka moni kwa nonse a m'gulu lino. Ndili ndi kavalo wamkazi wazaka 9 amene ndamuweta kwa zaka zitatu popanda vuto lalikulu, koma mwezi uno wadwala m'mimba kawiri. Ulendo woyamba anakana chakudya madzulo, n'kuyamba kupalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, kucheukira kumimba kwake pafupipafupi ndiponso kugona n'kudzuka mosakhazikika. Dokotala wa ziweto anati ndi colic, kutanthauza kupweteka kwa m'mimba kwa akavalo, anamubaya jekeseni yochepetsa ululu ndipo anapeza bwino. Patatha masabata awiri zinayambiranso, ndipo ulendo uno ndowe zake zinali zochepa komanso zouma kwambiri. Msipu utachepa ndinamuwonjezera chakudya cha njere tsiku limodzi lomwelo, ndipo udzu wouma ndimamuikira pansi pamalo amchenga. Mankhwala a njoka za m'mimba analandira komaliza chaka chatha. Mtima wanga sukukhazikika, choncho ndikupempha inu odziwa za akavalo mundiuze chimene ndiyambe kukonza.

Woyankha woyamba: Pepani bambo chifukwa cha vutoli. Ine ndikukayikira kwambiri njere zimene munawonjezerazo. Kavalo ali ndi chifu chaching'ono ndipo sangathe kusanza, motero chimene chamusokoneza m'mimba chilibe njira yobwerera. Chakudya chatsopano chimalowetsedwa pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 14, kuti tizilombo tothandiza kugaya udzu m'matumbo tizolowere. Njere zambiri nthawi imodzi zimathanso kuyambitsa laminitis, kutupa kwa mkati mwa ziboda kumene kumalemaza kavalo, ndipo zimenezi n'zoopsa kuposa mmene ambiri timaganizira. Udzu ndiwo ukhale chakudya chake chachikulu, wosachepera 1.5 peresenti ya kulemera kwa thupi lake patsiku, ndipo muuike m'chodyera chifukwa mchenga umene amameza umaunjikana m'matumbo. Ndowe zoumazo zikundichititsa kufunsanso za madzi, pakuti kavalo wamkulu amamwa malita 25 mpaka 45 patsiku, ndipo amafuna ochuluka akachoka pamsipu wauwisi n'kuyamba udzu wouma.

Woyankha wachiwiri: Ndikugwirizana ndi mayi amene ayankha pamwambapa, koma ndiwonjezere za tsiku limene zidzayambirenso. Muchotsereni chakudya, muitane dokotala nthawi yomweyo, ndipo musamupatse mankhwala a ululu panokha chifukwa amabisa zizindikiro zimene dokotalayo akufuna kuona. Mtima wa kavalo wathanzi umagunda ka 28 mpaka ka 44 pamphindi, ndipo kutentha kwa thupi kumakhala madigiri 37.5 mpaka 38.5. Ukamagunda kopitirira ka 60, nkhama zikasintha mtundu, kapena akamagubuduzika mwamphamvu uku akutuluka thukuta, matumbo akhoza kukhala atapotana, ndipo pamenepo pamafunika opaleshoni. Za njoka za m'mimba, kayezetseni ndowe kaye musanagule mankhwala. Mano ake anawaonapo liti? Akasongoka m'mbali satafuna udzu bwino, ndipo udzu wosatafunika umatseka matumbo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse awiri. Mano ake sanaonedwepo chimugulireni, ndipo ndakumbukira kuti masiku ano akumagwetsa timibulu ta udzu wotafunatafuna pamene akudya. Njere ndayamba kuchepetsa lero. Kodi dokotala akabwera kudzapala manowo, ndingapemphe kuti amubayiretu katemera wa kafumbata tsiku lomwelo, kapena ndidikire kuti m'mimba mukhazikike kaye?