Ndalama za thumba: kachipinda kowerengera pa wotchi kapena mjigo?

Mlembi: Abale, nkhani tinaisiya Loweruka ija tiimalize. Ena akuti kachipinda ka mabuku ndi zikwangwani za mbiri pafupi ndi wotchi ya pa boma la Mangochi, ena akuti mjigo ku Mpondasi. Thumba silingakwanitse zonse ziwiri.

Bambo a ku Malindi: Ine ndili ku kachipinda. Ana athu amadutsa pa wotchi ya Mfumukazi Victoria tsiku ndi tsiku, mfuti yaikulu ili pambali pakeyo amaikhalira podikira kabaza, koma afunseni. Sadziwa kuti inachoka pa sitima ya Guendolen, imene mu 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ku Liuli nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Chikumbutso cha sitima ya Vipya chili pompo, anthu 145 anamira mu 1946, koma ndani amaima n'kuwerenga?

Mayi a ku Mpondasi: Bambo, mbiri sitiikana. Koma bwerani m'mawa mudzaone atsikana akutunga mu Shire, ng'ona zili momwemo. Museum ilipo kale pa boma, simulowa anthu. Tikamange china choti tizitsekanso?

Achimwene a ku Joni: Ndalama zambiri za thumbali timatumiza ndi ife a kuno, ndiye ndifunseko. Pa zikwangwanipo tilemba mbiri ya ndani? Wotchi ndi ya Victoria, mfuti ndi ya Angerezi, dzina lakale la tauni ya Mangochi, Fort Johnston, ndi la mzungu amene anabwera mu 1891 kudzathyola mphamvu za Mponda ndi Makanjira. Ngati n'zomwezo, bola mjigo.

Aphunzitsi opuma: Mwafunsa bwino mwanangu, ndipo n'chifukwa chake kachipindako kakufunika. Zathu palibe pamene zinalembedwa pa boma pano. Jack Mapanje ndi mwana wa ku Kadango, anabadwa mu 1944. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, boma linalichotsa m'masitolo, mwini wake n'kukamutsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ku London amamuwerenga. Ine ndinaphunzitsa zaka zambiri kuno, bukulo sindinaligwiritsepo mwana m'manja. Nanga za Chipembere, usiku uja wa February 1965 pamene anaukira tauni ino ndi anthu ake? Nanga a m'mudzi wa Moto amene anatengedwa mudzi wonse kukatsekeredwa? Agogo oona zimenezi ndi maso akutha.

Mayi a ku Mpondasi: Aphunzitsi, pa agogopo mwandigwira. Anganga anga ankanena za Moto chonong'ona, chitseko chili chitsekere. Komabe ludzu silidikira.

Achimwene a ku Joni: Ndiye bwanji osayamba ndi zosafuna njerwa? Foni tili nazo. Achinyamata ajambule mawu a agogo m'Chiyao momwemo, asawamasulire. Mjigo ukumbidwe, chotsala tigule mabuku.

Bambo a ku Malindi: Mabukuwo tikasunga kuti? Mukawasiya kwa munthu mmodzi ndiye a chiswe amenewo.

Aphunzitsi opuma: Tikapemphe shelefu imodzi ku museum. Akakana tidzaona.

Mlembi: Chabwino. Mayi, tipezereni mtengo wokumbira mjigo pofika Lachitatu. Aphunzitsi, kalata ya ku museum ndi yanu. Amene simunapereke za mwezi uno, mayina ndili nawo.

Mayi a ku Mpondasi: Ojambulawo ayambire kwathu. Azakhali anga ali ndi zaka zoposa 80, ndipo chifuwa chawayamba.