Kodi liwu lakuti "numinous" linachokera kuti?

Wofunsa:
Akuluakulu, m'buku la zaumulungu limene ndikuwerenga muli liwu lachingelezi lakuti "numinous". Ndikupempha amene akulidziwa andifotokozere tanthauzo lake ndi kumene linachokera.

Mphunzitsi wopuma:
Linachokera ku liwu lachilatini lakuti "numen", lomwe poyamba linkatanthauza kugwedeza mutu povomereza. Aroma ankalitchula ponena za chifuniro ndi mphamvu ya mulungu, popeza mulungu akangogwedeza mutu, nkhani inali itagamulidwa.

Mayi wa kwaya:
Zikomo aphunzitsi, koma tisaiwale Rudolf Otto, katswiri wa zaumulungu wa ku Germany, amene anatchukitsa liwu lakuti "numinous" m'buku lake la mu 1917 lotchedwa Das Heilige, lomwe linamasuliridwa m'Chingelezi mu 1923. Iye ankanena za mantha opatulika amene amagwira munthu pamaso pa chinsinsi chomuposa kotheratu, moti amanjenjemera, komabe mtima wake umakokeka osafuna kuchokapo. Kwa ine, chitsanzo chomveka bwino ndi Yesaya m'kachisi, pamene analira kuti watayika.

Mphunzitsi wopuma:
Mwanena zoona mayi, ngakhale kuti Angelezi anali nalo kale liwuli m'zaka za m'ma 1600, Otto asanabadwe.