Wilu ya bambo yasowa, koma achimwene akuti iwo ndiwo oyang'anira chuma

Mzime:

Ndikupempha nzeru kwa amene munakumanapo ndi zoterezi. Bambo athu anatisiya miyezi 14 yapitayo. Tinabadwa anayi, ine ndine wotsiriza, ndipo ndine ndinkawadwazika. Wilu analemba, izi sindikuchita kumva kwa munthu ayi. Anandionetsa okha, masamba awiri, n'kundiuza kuti ndijambule ndi foni. Ankaisunga mu envulopu yakhaki m'sutukesi, pamodzi ndi mapepala a nyumba. Titatsekula sutukesiyo maliro atatha, mapepala a nyumba analimo, wilu munalibe.

Makiyi a kuchipinda anatenga achimwene aakulu tsiku lomwe bambo anamwalira. Sindikunena kuti anaba, sindinawaone. Chikundiwawa n'chakuti amati "bambo anasankha ine kuyang'anira chuma", koma tikafunsa za wilu amati sakuidziwa. Lendi ya nyumba ziwiri akutolera okha. Galimoto anagulitsa, ndalama yake sitinaione. Mayi akudwala shuga, mankhwala tikugula ine ndi achemwali, chonsecho mu wilumo bambo analemba kuti lendi ya nyumba imodzi izipita kwa mayi. Achimwenewo foni sayankha. Titani?

Kalaliki wakale:

Pepani ndi zovutazi, achemwali. Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya maloya, ndiye ndinene zimene ndinkaona.

Achimwene anuwo sangagwire mbali zonse ziwiri. Udindo umene akunenawo umachokera mu wilu. Ngati wilu ilipo, aitulutse, ipite kukhoti, khoti liwapatse chikalata chotchedwa probate, chowapatsa mphamvu yoyang'anira chumacho. Ngati kulibe, ndiye kuti palibenso amene anawasankha, ndipo chuma chigawidwa motsata lamulo la anthu omwalira osasiya wilu, woyang'anira wake achita kuikidwa ndi khoti. Kukhala mwana woyamba si chikalata.

Koma mudziwiretu ichi, chifukwa ambiri chimawadzidzimutsa. M'maiko ambiri, wilu imene inali m'manja mwa mwiniwake ikapanda kupezeka iye atamwalira, khoti limayamba n'kuganiza kuti anaing'amba yekha atasintha maganizo. Ndinu muyenera kuonetsa kuti sizinali choncho. Apa ndi pamene chithunzi chanucho chili chamtengo. Chisungeni malo angapo, musachidule kapena kuchikonza, tsiku limene munajambula lizionekabe. Yang'anani tsamba lomaliza: kawirikawiri pamakhala mboni ziwiri zosayina, ndi maina awo. Afuneni anthu amenewo. Ngati pali chidindo cha loya, pitani kumeneko, mwina wilu yeniyeni ili komweko ndipo ya m'sutukesi inali kope chabe. Funsaninso kubanki kwa bambo.

Loya angakuthandizeni kuika caveat kukhoti, kuti wina asapatsidwe mphamvu pa chumacho inu osauzidwa. Khoti lingathenso kulamula munthu amene akuganiziridwa kuti akusunga wilu kuti abwere nayo.

Mayi wa atatu:

Kwathu zinatitengera zaka 3. Woyang'anira chuma wathu anali mlamu, wilu inalipo ndithu, koma ankangoti "ndikukonza". Chimene ndimadandaula nacho mpaka lero n'chakuti chaka chonse choyamba tinathera kukalipirana pa WhatsApp, ndipo titafika kwa loya tinalibe pepala ngakhale limodzi. Lembani kalata, nonse atatu musayine, mupemphe mndandanda wa katundu, ndalama ya galimoto ndi lendi ya mwezi uliwonse, muike tsiku loti ayankhe. Malisiti a mankhwala a mayi musataye. Ife khoti linamuchotsa mlamuyo litaona makalata anayi osayankhidwa ndi ndalama zimene analephera kufotokoza. Mayi anu musawaike pakati, onsewo ndi ana awo, ndipo matenda a shuga safuna nkhawa.

Wachisamba:

Ine ndinakhalapo mbali inayo, ndinayang'anira chuma cha malemu achemwali anga. Abale ankanditcha wakuba pamene ndinkangodikira mapepala akubanki, komanso ngongole za malemu zimayamba kubwezedwa anthu asanagawane kanthu. Ndiye kuchedwa pakokha si umboni. Koma ine ndalama iliyonse inkalowa mu akaunti yapadera, osati yanga, ndipo aliyense wofunsa ndinkamuonetsa buku. Zogulitsa galimoto mwakachetechetezo sindingawaikire kumbuyo. Musanapite kukhoti, yesani kamodzi kukhala nawo pansi pali munthu wamkulu amene iwo amamulemekeza. Nthawi zina munthu amakhala atadya kale ndalama, ndiye akuthawa manyazi. Akavomera kubweza pang'onopang'ono, zilembedwe ndipo asayine. Milandu imadya chuma chomwecho chimene mukulimbirana.

Mzime:

Zikomo nonse. Usiku ndinatsekulanso chithunzi chija. Chidindo cha loya palibe, koma maina a mboni akuwerengeka. Mmodzi anamwalira, winayo ndi bambo amene ankagwira ntchito limodzi ndi bambo athu. Ndawaimbira m'mawa uno. Akukumbukira tsiku limene anasayina, ndipo akuti atapita kukawazonda kuchipatala sabata yomaliza, bambo anawauza kuti pepala lija likadali m'sutukesi. Avomera kukanena zimenezi kwa loya Lachinayi. Kalata yopita kwa achimwene talemba ndi achemwali, tikudikira mlongo wathu winayo asayine mawa.